Naduwa, Mlambe ndi Therere: Phunziro la pa Ntchito ya Profesa Seyani

Anzanga, ife tikafunsidwa ntchito imene tifuna kudzagwira potsiriza sukulu, ambiri timati udokotala, unamwino kapena uphunzitsi, ndipo anyamata ena amati upolisi, pakuti apolisi ophunzira ku Mtakataka awaona kawirikawiri ali kuguba. Sindinamvepo ndi mmodzi yemwe wonena kuti afuna kukhala munthu wosanthula mitengo ndi kuilongosolera maina. Kapena ena mwayamba kale kuseka, muli kuti, "Kodi imeneyonso ndi ntchito? Nanga maina a mitengo agogo sawadziwa kale?" Inde awadziwa, ndipo za nzeru yao ndidzanenapo kutsogoloku. Koma ntchitoyi iripo ndithu, ndipo Mmalawi mnzathu, Profesa James Seyani, anamveka nayo kufikira maiko akutali. Ndifuna kuti tione chimene iwo anachita, ndi umo chikhudzira mitengo ya kwathu kuno, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua.

Tiyambe ndi mtengo wao. Mukakwera msewu wa Khwekhwerere m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, pamene thengo lapserera ndipo mitengo yambiri yayoyola masamba, mudzaona apa ndi apo kamtengo koyera mbuu ndi maluwa, ngati wina wakawaza ufa. Ameneyo ndiye naduwa. Khungwa lake ndi lakuda ndi long'ambikang'ambika, masamba ake ndi ozungulira ndi okakala, ndipo njuchi ziukonda kwambiri. Chodabwitsa chake nchakuti maluwawo sagwa msanga monga achitira a mitengo ina. Timasamba tisanu ta duwa timauma pomwepo, timasanduka todera, ndi kukhalabe mozinga kachipatso kufikira mphepo itakauluza.

M'mabuku a sayansi naduwa alembedwa Dombeya rotundifolia. Mwambo wopatsa chomera maina awiri a Chilatini unakhazikika ndi buku la Carl Linnaeus wa ku Sweden la chaka cha 1753. Dzina loyamba liri ngati chiwongo, monga Phiri, Banda kapena Maseko, ndipo lachiwiri ndilo la mwini wake. Rotundifolia ndiko kuti wa masamba ozungulira. Mau atatu a m'buku lathu la Biology, species, genus ndi family, ine ndidzawatcha mtundu, pfuko ndi banja. Pamenepa musasokonezeke. Kumudzi banja ndi laling'ono ndipo pfuko ndi lalikulu, koma m'phunziro ili mitundu ingapo ipanga pfuko, ndipo mapfuko angapo ndiwo apanga banja. Ubwino wa maina otere ndi uwu: mlambe wathu Aswahili amati mbuyu, Ashona amati muuyu, koma mukalemba Adansonia digitata, wa ku Tanzania, wa ku Zimbabwe ndi wa ku Japan onse adziwa mtengo umene mukunena.

Tsono taonani eni ake a mainawa. Dombeya ndi dzina lokumbukira Joseph Dombey, Mfalansa amene anatola zomera ku Peru ndi ku Chile, namwalira mu 1794. Masuku amene timagula pa Dedza ndi Uapaca kirkiana, chifukwa cha Dr. John Kirk, amene anafika pa nyanja yathu pamodzi ndi David Livingstone mu Seputembala 1859, nabweranso ndi bwato mu 1861. Pali ndi mbale wake wa naduwa wotchedwa Dombeya kirkii. Mkungudza wa ku Mulanje ndi Widdringtonia whytei, chifukwa cha Alexander Whyte amene anayamba munda wa zomera ku Zomba mu 1891. Anthuwa anagwira ntchito yolemetsa, sindikana. Koma ine ndikamawerenga mainawa ndimaganiza za amtengatenga ndi olondolera njira amene anali kuwauza kuti, "Uwu timadya, uwu ndi wa mankhwala, uwo musaukhudze." Iwowo mtengo wotchedwa dzina lao ndi wosowa.

Njira imene mainawa anaperekedwera inabala vuto lalikulu. Mzungu wina anathyola nthambi ku Angola naitumiza ku London, wina anathyola ku Tanganyika naitumiza ku Berlin. Katswiri wa ku London, poona nthambi imodzi yokha, anati, "Mtundu watsopano," naupatsa dzina. Wa ku Berlin anateronso. Koma ife okhala ndi mitengo tidziwa kuti mtengo womera m'mbali mwa Nadzipokwe, pa mthunzi ndi pa chinyontho, ukhala ndi masamba aakulu ofewa, pamene mbale wake wa pa miyala ya pa phiri akhala ndi masamba aang'ono aubweya. Mphukira ya pa chitsa nayonso masamba ake sakhala ngati a mtengo waukulu. Motero mtengo umodzi unakhala ndi maina asanu kapena khumi, ndipo munthu wofuna kudziwa ngati mankhwala olembedwa ku Kenya achokera ku mtengo womwewo umene uli kuseri kwa nyumba yake sakanatha kudziwa.

Chisokonezo chimenechi m'pfuko la Dombeya ndicho a Seyani anasankha kuchimasula. Anapita ku yunivesite ya Oxford, ku England, kumene analandira digiri ya udokotala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1991 buku lao, The genus Dombeya (Sterculiaceae) in continental Africa, linasindikizidwa ku Belgium. M'menemo anaonetsa kuti pa mtunda wonse wa Africa mitundu yeniyeni ya Dombeya iripo 19. Maina ena ambirimbiri anapezeka kuti ndi obwereza. Ndiganiza kuti mfundo iyi iyenera kuti tiilingalire bwino, pakuti ambiri timayesa kuti katswiri wamkulu ndi amene atulukira chinthu chatsopano ndi kuchitcha dzina lake. Apa ulemu unabwera chifukwa cha kuchepetsa maina, ndiko kunena kwa akatswiri akale otchuka kuti, "Pepani, awa awiri ndi mtengo umodzi." Pafunika umboni wolimba kuti munthu anene zotere.

Umboniwo upezeka motere. Katswiri abwereka nthambi zouma zimene zisungidwa m'nyumba zotchedwa herbarium, monga ya ku Kew ku London, ya ku Paris ndi ya ku Meise ku Belgium. Nthambi iriyonse yamatidwa pa pepala lolimba, ndipo pali kapepala konena malo, tsiku ndi munthu amene anaithyola. Iye aziyala pa tebulo mazanamazana, nayesa utali wa masamba, wa phesi ndi wa duwa. Duwa louma aliviika m'madzi otentha kuti lifewe, nalitsegula ndi singano pansi pa galasi lokulitsa zinthu, nawerenga timitu ta mungu ndi zipinda za kathumba ka njere. Pambuyo pake aika kadontho pa mapu pa malo onse pamene nthambi zinachokera. Akapeza kuti pakati pa tsamba lalikulu la kuno ndi laling'ono la uko pali masamba a misinkhu yonse, osadukiza, adziwa kuti mtundu ndi umodzi. Akapeza mpata woonekera, umene subisika ngakhale nthambi zichuluke chotani, adziwa kuti mitundu ndi iwiri. Ndi ntchito ya zaka, ndipo munthu wopupuluma sangaithe.

Palinso malamulo awiri amene ndinakondwa nao powamva, chifukwa afanana ndi milandu ya pa bwalo. Loyamba likuti maina awiri akapezeka pa mtengo umodzi, lakale ndilo likhala, monga mwini munda ndi amene anayamba kuswa mphanje. Lachiwiri likuti dzina lirilonse liri ndi mboni yake, ndiyo nthambi yeniyeni imene woyamba kutcha dzinalo anaigwira m'manja. Pokangana za dzina, onse abwerera kwa mboni imeneyo. Koma mboni zina zinafa. Karl Schumann wa ku Berlin analemba za banja la naduwa la mu Africa mu 1900, natcha maina ambiri. Ndipo mu Malichi 1943, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabomba anatentha herbarium ya ku Berlin ndi nthambi zake zochuluka. Chifukwa chake wosanthula zomera za mu Africa nthawi zina aweruza mlandu mboni palibe, nafunafuna nthambi inzake ya mtengo womwewo imene kapena inatumizidwa ku mzinda wina moto usanabuke.

Pfuko la Dombeya liri ndi mitundu pafupifupi 200, koma yochuluka koposa iri pa chilumba cha Madagascar ndi tizilumba toyandikana nacho. Nanga bwanji Africa yense, ndi kukula kwake, ali ndi 19 yokha? Funso ili litilowetsa m'phunziro la kusinthika kwa zamoyo, limene Charles Darwin analilongosola m'buku lake la 1859, chaka chomwecho chimene Kirk anaona nyanja yathu. Mbeu za kholo limodzi zikagwa m'zigwa ndi m'mapiri olekana, kumene mungu wa uku sufika uko, zidzukulu zimanka zisiyana pang'onopang'ono pa mibadwo yosawerengeka, kufikira zitakhala mitundu yayokha. Tsono wolongosola maina sangolemba mndandanda chabe. Iye ali kulemba mbiri ya chibale, monga nkhalamba imene idziwa kuti uje ndi uje anatuluka m'mimba imodzi ngakhale lero akhala midzi yotalikirana.

A Seyani sanathere pa mtengo umodzi. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, likulu lake ku Zomba, ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo iwo analitsogolera zaka zambiri. Kufunika kwake nkoonekeratu: mwana wa kuno wofuna kudziwa mtengo wa kwao asachite kuolokera nyanja zamchere. Mu Epulo 1991 akatswiri a zomera za mu Africa ochokera maiko ambiri anachita msonkhano wao waukulu ku Zomba, ndipo mabuku a zokambidwa pa msonkhanowo anawakonza ndi a Seyani pamodzi ndi a Augustine Chikuni, natuluka mu 1994. Mu 1995, ku Paris, a Seyani ndiwo anakhala pa mpando pa msonkhano woyamba wa akatswiri olangiza maiko za pangano la United Nations losamala zamoyo zosiyanasiyana. A Chikuni naonso anapita ku Oxford, nasanthula pfuko la Brachystegia, ndilo la mombo ndi tsamba, mitengo yomwe ija yadzaza mapiri a kumtunda kwa Mua.

Tsopano mverani chimene chinachitika bukulo litatuluka. Mwaona kuti pa mutu wake pali mau akuti Sterculiaceae. Limenelo linali banja la naduwa masiku amenewo, pamodzi ndi msetanyani ndi mtengo wa koko wopangira chokoleti. Mlambe unali m'banja lina, Bombacaceae. Denje linali mu Tiliaceae. Thonje, chidede ndi therere lobala zinali mu Malvaceae. Mabanja anai. Koma m'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayamba kuwerenga DNA, ndiyo kalata ya chibadwa imene iri m'maselo a chamoyo chirichonse, imene mwana alandira kwa makolo ake. Abale enieni kalata zao zifanana kwambiri, ndipo achilendo zao zisiyana. Powerenga anapeza kuti malire a mabanja anaiwo sanatsate chibale chenicheni, ndipo mu 1998 ndi 1999 anawaphatikiza onse m'banja limodzi lalikulu la Malvaceae. Motero zaka zisanu ndi zitatu zokha zitapita, mau amodzi a pa chikuto cha buku la a Seyani anakalamba. Mitundu imene anailongosola ikali maziko a ofufuza Dombeya wa mu Africa, koma mudzi umene anaipezamo unasamuka.

Apa ndipo ndifuna kubweza ulemu kwa agogo. Ganizani za ndiwo zimene amai amazitcha therere. Pali therere lobala, pali denje, ndipo masamba anthete a mlambe naonso aphikidwa therere. Zitatuzi akatswiri anaziika m'mabanja atatu kwa zaka zoposa 100, pamene kukhitchini zinali ndi dzina limodzi chikhalire. Kutererako ndi chizindikiro china cha banja lonseli. Chizindikiro chachiwiri ndi luzi: mlambe, naduwa ndi denje zonse khungwa lao lisendeka ndi kupoteka chingwe, ndipo muona milambe yambiri ya kunyanja kuno iri ndi zipsera m'munsi mwake pamene anthu anasendapo. Chachitatu mudzachiona ndi galasi la mu labotale: ubweya wa pa tsamba la naduwa suli umodziumodzi iai, koma uli timagulu totambasuka ngati nyenyezi, ndipo wotere upezekanso pa zomera zambiri za banjali. Yerekezaninso duwa la thonje ndi la therere lobala. Mwana wa Sitandade 1 angakuuzeni kuti ndi pachibale.

Koma tisafulumire kunena kuti mphika uposa maikulosikopu. Chewe nayenso ndi therere, ndipo aterera koposa, koma iye sali wa banja limeneli konse. Ndi mbale wa chitowe. Onani duwa lake, liri ngati kabelu kopendekeka, losiyana kutalitali ndi la thonje. Chizindikiro chimodzi chimanyenga, monga anthu awiri aatali sakhala abale chifukwa cha utali. Amai potcha dzina afunsa kuti, "Ichi chiphikidwa bwanji?" Katswiri afunsa kuti, "Ichi kholo lake ndani?" Mafunso onse awiri ndi abwino, ndipo mayankho ake nthawi zina akomana, nthawi zina alekana.

Za mlambe ndinenepo pang'ono, pakuti ndiwo mfumu ya mitengo ya kuno. Mitundu ya Adansonia iripo 8: ku Madagascar 6, ku Australia umodzi, ndi wathu wa mu Africa. M'selo la munthu muli timitolo ta DNA, totchedwa chromosome, 46. David Baum ndi Kazuo Oginuma mu 1994 anawerenga timitolo 88 m'milambe ya ku Madagascar ndi ku Australia, koma mu wathu anapeza 160. Ena powerenganso mu 2020 anapeza 168. Titinthuto ndi tating'ono kwambiri ndipo kutiwerenga nkovuta, koma onse avomerezana kuti mlambe wathu uli ndi timitolo pafupifupi kuwirikiza kawiri, ngati munthu amene analandira chuma cha masiye mbali ziwiri. Mu 2012 akatswiri ena analengeza kuti mu Africa muli mtundu wachiwiri, wa kumapiri, nautcha Adansonia kilima. Mu 2016 Glynis Cron wa ku South Africa ndi anzake anayesanso masamba, maluwa ndi timitolo tija, napeza kuti ndi mlambe womwewo. Matenda aja a maina obwereza sanathe ndi Azungu akale. Kwathu kuno Dr. Chimuleke Munthali a ku Mzuzu University anasanthula DNA ya milambe ya m'madera angapo, monga Salima, Karonga, Chikwawa ndi Likoma, kuti aone kusiyana kwake, chinthu chofunika kwa wofuna kusankha mbeu yodzala tsopano pamene malambe asanduka malonda.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Yense woyenda pa msewu wa Salima aona matumba a makala, ndipo yense wokwera ku nkhalango ya Mua-Livulezi aona zitsa. Osema ziboliboli adandaula kuti mphingo ndi mlombwa azitsata kutali. Mtengo ukatha pa phiri popanda munthu wothyolako nthambi ndi kulemba, palibe adzadziwe kuti unalipo, ndipo wofuna kudzalanso nkhalango zaka 30 zikudzazo adzadzala bulugamu chifukwa chosadziwa chimene chinali pamenepo. Nthambi youma ndi kapepala kake ndiyo mboni yokhayo imene itsala. Ndiponso nkhalamba zodziwa maina ndi ntchito za mitengo ziri kutha, ndipo ambiri a ife tidziwa maina a osewera mpira a ku England koposa a mitengo ya pa bwalo la sukulu. Ineyo ndinayesa kuwerenga imene ndiidziwa pakati pa kalasi ndi chitsime, ndipo anzanga amene ndinawafunsa sanapitirire isanu ndi umodzi.

Chifukwa chake ndipempha aphunzitsi athu a Biology ndi a kalabu ya zachilengedwe kuti tiyambe herbarium yathu yaing'ono. Zofunika ndi zochepa: matabwa awiri, nyuzipepala zakale, makatoni, chingwe kapena mphira, ndi kope. Thyolani nthambi yotalika ngati rula ya masentimita 30, yokhala ndi masamba pamodzi ndi maluwa kapena zipatso, pakuti masamba okha sakwana kuzindikiritsa mtengo. Iyaleni m'kati mwa nyuzipepala, tsamba limodzi mulitembenuze kuti kunsi kwake kuoneke, ikani katoni pamwamba, ndi kumanga zonse zolimba pakati pa matabwa. Sinthani mapepala tsiku ndi tsiku kufikira itauma gwa, chifukwa kutentha kwa kuno ndi chinyontho ziumbitsa nkhungu msanga. Pamenepo imateni pa pepala lolimba, ndi kuisunga m'bokosi lotseka bwino, kuopa chiswe ndi mphemvu.

Kapepala ndiko mtima wa ntchito yonse. Lembani tsiku, mudzi, mfumu ya dera, ngati ndi pa dambo, pa chulu kapena pa miyala, msinkhu wa mtengo, maonekedwe a khungwa, ndi mtundu wa duwa lisanaume, pakuti likauma lisintha. Lembani dzina la Chichewa, ndi la Chiyao ngati liripo, ndi chimene akulu akuuzani kuti mtengowo ugwira ntchito yanji. Ndipo dzina la mkulu wokuuzaniyo mulilembenso, akalola. Nthambi iriyonse ikhale ndi nambala yake, ndipo muthyole ziwiri, kuti imodzi tikathe kuitumiza ku Zomba akatiuze dzina lake la Chilatini. M'nkhalango ya boma musalowe osapempha chilolezo kwa alangizi a za nkhalango, ndipo chomera chimene mwachipeza chokhachokha musachizule.

Naduwa ali ndi kavuto kake kwa wotola: pamene ali ndi maluwa, masamba alibe kapena ali ndi ochepa, ndipo pamene masamba akhwima, maluwa atha. Tsono mudzayenera kupita kawiri pa mtengo womwewo. Mu Ogasiti kapena Seputembala mukatenge maluwa ndi kumangirira kansalu pa nthambi kuti musausokoneze ndi unzake, ndipo mvula ikagwa, mu Disembala kapena Januwale, mubwerereko kukatenga masamba.